Tsiku Limene Ndinakwecha Zaka Mazana Atatu

Amayi anga ankakwecha mapoto mpaka tambala wathu anafera pa thandala. Anadziona m'sefuliya, n'kuyesa kuti kwabwera tambala wachilendo, ndipo anajompha chitsulocho kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Izi n'zoona. Wotsutsa akwere basi apite ku Chinamwali akafunse, nyumba yake ikadalipo. Kwathu dzimbiri linali ngati mphekesera: likangogwira chiwiya chako, mdadada wonse unkadziwa kuti ndiwe munthu wotani. Tinabadwa ana aamuna okhaokha, choncho mchenga, phulusa ndi sitiliwaya, kawaya kofewa kokwechera mapoto kaja, zonse zinagwera ife. Ndinakula ndikudziwa chinthu chimodzi, chakuti chilichonse chakuda chikudikira dzanja.

Dzanja limenelo ndi lomwe ndinafika nalo ku Dublin.

Ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Tinkakhala ku Santry, ine, akazi anga ndi mwana wathu wamkazi, pamalo pomwe ndege zimadutsa motsika kwambiri moti tsiku lina ndinaona mzungu pawindo la ndege akusenda dzira, ndipo anandigwedezera mutu. Pemiti yanga ya ntchito inalembedwa dzina la kampani imodzi yokha, ndipo inali itatsala ndi masabata asanu ndi limodzi kuti ithe. Kuti aiwonjezere masiku pankafunika kalata ya kampaniyo yonena kuti ndine wantchito wabwino. Mapepala a akazi anga ndi a mwana anali okolowekedwa pa anga, ngati malaya atatu pa msomali umodzi. Msomaliwo ukanangozuka, tonse tikanakakwera ndege zija.

Kampani inandipatsa madala ena a ku Skerries, katauni ka m'mphepete mwa nyanja. Ndinkakwera basi, kenako sitima, n'kufika eyiti koloko isanakwane. Madalawo anali atadutsa zaka makumi asanu ndi atatu, akazi awo anamwalira kalekale, manja ankanjenjemera koma mutu unali wakuthwa. Moyo wawo wonse ankasonkhanitsa zinthu za kunkhondo. M'chipinda chochezera munali zipewa zachitsulo, mabotolo a madzi a asilikali, mamendulo, ndi kabati yagalasi momwe munagona malupanga asanu a ku Japan.

Tsiku loyamba ndinawauza kuti agogo anga aamuna anali m'gulu la asilikali a ku Zomba omwe anakamenya nkhondo ku Burma. Maso awo anayaka.

"Anabwerako ndi chiyani?"

"Chifuwa," ndinatero, "ndi kapu yachitsulo."

"Kapuyo ilipo?"

"Amayi anaikwecha mpaka inabooka."

Anaseka mpaka kutsokomola. Inenso ndinaseka. Pa anthu awiri tonsefe panalibe amene anamva chenjezo m'mawu amenewo.

Machenjezo ena analipo. Sabata yoyamba ndinakwecha m'kati mwa tipoti, momwe munali moderako ngati m'chumuni. Madala anamwa tiyi wa tsiku limenelo mwachisoni, n'kunena kuti akukoma supuni. Kenako ndinapeza chiwaya chokazingira mazira, chakuda bii m'kati. Chinanditengera masiku awiri kuti ndifike pa chitsulo choyera. Mwana wawo wamkazi, mayi wa zaka za m'ma fifite yemwe ankabwera Lolemba ndi Lachinayi, anandifotokozera modekha kuti kuda kumeneko n'kwa kufakitale, amakuika dala kuti dzira lisamatirire. Anagula chiwaya china. Chakalecho ndinachibisa pansi pa sinki, chifukwa chinali ntchito yabwino ndipo ndinalibe mtima wochitaya.

Mayi ameneyu sanali woipa, anali wotopa. M'chikwama mwake munkakhala timapepala ta nyumba zosungirako okalamba, ndipo bambo ake ankayang'ana timapepalato ngati mlimi woyang'ana mitambo. Akaiwala pomwe aika magalasi, iye ankangoti phee, koma umaona kuti wasunga. Ankati munthu wonjenjemera manja sayenera kukhala yekha ndi malupanga asanu. Madala ankati adzachoka m'nyumbamo ali m'bokosi. Pomaliza anagwirizana zoitana katswiri wa malupanga akale kuti adzaone lupanga lawo lalikulu, aone ngati lilidi chimene madala ankanena.

Lupangalo analigula kwa banja la msilikali wina wa ku Ireland yemwe anabwera nalo kuchokera ku Burma komweko. Chigwiriro ndi chimake zinali za nthawi ya nkhondo, koma madala ankalumbira kuti chitsulo cha m'katimo n'chakale kwambiri, cholowa cha pabanja chomwe mnyamata wina anapatsidwa popita kunkhondo. Lamulo anandipatsa limodzi lokha. "Mwana wanga, mbali yonyezimirayi usaikhudze ndi chala. Usaipumirenso. Thukuta la munthu limadya chitsulo."

Ndikufuna zidziwike kuti lamulo limenelo sindinaliswe.

Katswiri ankabwera Lachinayi. Lolemba m'mawa madala anayala thaulo pa tebulo la kukhitchini, anagogoda kachikhomo ka nsungwi ka pa chigwiriro, n'kusolola chigwirirocho. Zinawatengera theka la ola chifukwa cha manja. Ankafuna kuona ngati zikuchokabe bwinobwino. Asanamalize kuyang'ana, mwana wawo analiza hutala panja, nthawi ya kuchipatala inali itakwana. Povala jekete anandiuza kuti, "Ukonze m'nyumba muno. Mlendo wa Lachinayi asatione ngati anthu auve."

Ndinatsala ndekha ndi lupanga lovula. Mbali yakuthwa inkanyezimira ngati madzi. Koma kumunsi, chitsulo cholowa m'chigwiriro, chija pa khasu timati msuka, kunali kwakuda ngati pansi pa m'phika wa pamaliro. Mtima unandiwawa. Ndinaganiza za mlendo wophunzira uja akuvula chigwiriro n'kupeza zimenezi, kenako n'kutembenuka kuyang'ana wantchito wa m'nyumba. Ndinamva mawu a amayi anga ali kumanda.

Ndinavala magolovesi a kuntchito, kuti chala chisakhudze monyezimira muja. Sitiliwaya yekha analephera. Ndinapita kukashedi kuseri, n'kupeza sandipepa. Dzimbiri limenelo linali louma mutu, silinali ngati lathuli longoti ukalikanda layoyoka. Linali litalowa m'chitsulo ngati khungu. Ndinatuluka thukuta m'dziko lomwe munthu satuluka thukuta. Patapita mphindi makumi anayi msukawo unawala. Munali timizere topendekera tomwe ndinatisalaza bwinobwino, ndi zilembo zachijapani zomwe zinatsala zooneka patalipatali ngati mutu wa pa ndalama yakale. Ndinadziyang'anirapo n'kukonza kolala. Kenako ndinabwezera chigwiriro ndi kachikhomo kaja, n'kulowetsa lupanga m'chimake, chifukwa malamulo a kampani salola kusiya zakuthwa pamtunda.

Atabwerako ndinawapangira tiyi. Ndinkadikira kuti amwe kaye ndisanawaonetse mphatso yanga.

"Wabwezeranso chigwiriro? Wachita bwino, sindichichotsanso mpaka Lachinayi," anatero. "Unaona kumunsi kuja?"

"Ndinaona, bambo."

"Kuda kumene kuja ndiko akubwerera munthuyu. Monyezimira muja aliyense akhoza kupukuta. Koma dzimbiri lakuda lija silinama. Limatenga zaka mazana atatu kuti lifike pamene paja. Akaliyang'ana, n'kuyang'ananso mizere ya tupa ya wosula, ndi dzina lake lozokotedwa, amadziwa kuti linasulidwa liti, kuti, ndi yani. Lupanga lokwechedwa msuka lili ngati munthu wopanda pasipoti."

Anasankha okha fanizo limenelo. Ine ndinali nditanyamula mbale ya mabisiketi, ndipo ndikulumbira kuti mabisiketiwo anayamba kuwombana okha.

Madzulo ndinawauza akazi anga, mwana ali kuchipinda. Anandimvetsera mpaka kumapeto akupinda zovala.

"Pano mbale simutsuka," anatero. "Koma lupanga la eni."

"Mayi, nkhani ndi pemiti."

"Ndikudziwa kuti nkhani ndi pemiti. Mawa mukawauze."

"Ndikawauza mawa, Lachisanu tikhala tikutsitsa masutikesi."

"Ndiye mupanga bwanji? Mukabwereka zaka mazana atatu kwa ndani?"

Ndinaimbira mnzanga wa kutchalitchi, wa ku Zambia, yemwe amawotcherera zitsulo ku Mulhuddart. Iye amanditchula achimwene, ine ndimamutchula aneba.

"Aneba, dzimbiri limapangidwa bwanji?"

"Achimwene, bantu bonse bamanifunsa mochosela. Imwe mufuna kuikako? Mwachita chani futi?"

Ndinamufotokozera. Kenako ndinamva akuuza munthu wina kumbali, ndipo munthuyo anayamba kuseka.

"Ni vopepuka," anatero. "Manzi ya salt na vinega. Mailo kukacha muzapeza yagwila."

"Koma ndikufuna lakuda. La zaka mazana atatu."

"Iyo nayo ni yopepuka. Manzi ya salt na vinega, manje muyembekeze three hundred years."

Madala ankagona ola limodzi masana aliwonse akatha kudya. Ola limenelo ndilo linali munda wanga wonse. Lachiwiri ndinatsikira kudoko ndi botolo, n'kutunga madzi a m'nyanja pamaso pa asodzi awiri omwe anandiyang'ana ngati ndikuba. Madala atangoyamba kuliza mkonono ndinatsegula kabati, kuvula chigwiriro, kukulunga msuka m'kansalu konyowa ndi madzi amchere ndi vinega, n'kubisa zonse kuseri kwa sofa. Ndinapemphera. Sindikudziwa ngati kumwamba kunafikapo pempho lotero chilengedwere dziko, munthu wobatizidwa kugwada pa kapeti kupempha dzimbiri. Asanadzuke ndinabwezera chigwiriro pamwamba pa chinyontho chomwecho.

Lachitatu dzimbiri linali litagwira ndithu. Linali lofiira ngati dothi la katondo, lowala, lachinyamata, looneka kuti labadwa dzulo. Ndinalithira tiyi wakuda wowiritsa kawiri. Linasanduka lofiirira ngati chitumbuwa. Nthawi inkatha. Mkonono unasintha kaliridwe, ndipo ine ndinali nditaudziwa bwino mkonono umenewo, ndinadziwa kuti kwatsala mphindi khumi. Ndinatsegula kabati ya nsapato, n'kutenga polishi wakuda. Ndinapaka, ndinapukuta, ndinapakanso. Ukaimira pakhomo, n'kutsinzina diso limodzi, magetsi ali ozimitsa, zinkaoneka ngati zaka makumi awiri.

Pa sitima yobwerera ndinayeserera mawu owauzira madala. Ndinafika ku Santry ndisanapeze chiganizo choyamba.

Katswiri anafika Lachinayi leveni koloko. Anali bambo wowonda, wolankhula motsitsa ngati ali m'chipatala, ndi kachikwama momwe munali tochi, nsalu zoyera ndi kanyundo kamkuwa kochepa ngati chala. Tinakhala kukhitchini, madala ndi mwana wawo pa tebulo, ine chiimire pafupi ndi ketulo. Asanagwire lupanga katswiriyo anawerama pang'ono kulipatsa ulemu. Analisolola, kuliloza ku windo, n'kuliyang'ana m'litali mwake nthawi yaitali. Anaonetsa madala mzere woyera woyenda ngati mafunde m'mphepete mwa kuthwa kwake, n'kunena kuti ntchito yotere saiona kawirikawiri. Madala anayang'ana mwana wawo, chibwano chili m'mwamba.

Kenako anatenga kanyundo kaja.

Chigwiriro chitachoka, m'khitchini munalowa fungo. Katswiri anasendeza mphuno. Ananunkhiza kawiri. Linali fungo la malo ogulitsira tchipisi litasakanikirana ndi la nsapato za Lamulungu. Anatenga nsalu yoyera n'kupukuta kamodzi. Kuda kunatsalira pa nsalu. Pansi pake panali pofiira. Anapukutanso, ndipo pansi pa kufiirako panatulukira ntchito yanga, ikuwala.

Palibe anakuwa. Katswiri anaika lupanga pa thaulo pang'onopang'ono ngati akugoneka mwana wodwala.

"Izi zachitika sabata ino," anatero. "Mizere ya tupa yapita. Dzina likuwerengeka theka. Chitsulochi ndikuchiona kuti n'chakale, ndipo mwina n'chimene mukunenacho. Koma umboni wake unali apa. Panopa ndingangonena kuti ndikuganiza. Sindingasaine." Anavula magalasi. "Wachita izi ndani?"

Madala sanayang'ane nkhope yanga. Anayang'ana manja anga. Polishi wa nsapato salola kuchoka m'zikhadabo, ngakhale kwa mwana wa amayi anga. Anayang'ana nthawi yokwanira, kenako anatembenukira kwa katswiri.

"Ndine," anatero. "Ndinaona ngati kwada. Ndinaiwala."

Mwana wawo anatseka maso. "Adadi, kuyambira ndili wamng'ono mwakhala mukundiuza kuti kumeneko sakhudza. Munandikalipira ndili ndi zaka seveni chifukwa chongobweretsa nsalu yonyowa pafupi." "Ngati mwaiwala chimenechi, ndiye kuti basi. Sindingakusiyeninso muno." Dzanja lake linali litalowa kale m'chikwama muja.

Ndinene zoona, popeza ndalumbira kale pa zinthu zing'onozing'ono. Ndinapulumuka, ndipo ndinakondwa. Ndinatembenuka n'kuyatsa ketulo. Nthawi yonse imene madzi ankawira ndinkangoyang'ana khoma, ndikuona kalata ya kampani, mwana wanga ali m'yunifolomu ya sukulu, masutikesi ali pamwamba pa wadiropu pomwe ayenera kukhala. Kumbuyo kwanga mayi uja ankafunsa katswiri ngati angathandize kuchotsa malupanga onse asanu mwezi usanathe. Ketulo inazima yokha.

"Mayi," ndinatero, "ndakwecha ndine."

Anandiyang'ana mwachifundo. "Ndinu munthu wabwino. Koma musawaikire kumbuyo, sizikuwathandiza."

"Ndikunena zoona."

"Ndinu amene munandiuza za tambala wofera pa sefuliya. Ndi za mzungu wa dzira m'ndege."

"Zimenezonso n'zoona."

"Mwaona?" anatero kwa katswiri.

"Khala chete, mwana wanga, thira tiyi," anandiuza madala.

Moyo wanga wonse ndakhala ndikulumbira, ndipo tsiku lokhalo limene ndinafunadi kukhulupiriridwa, malumbiro anali atatha mphamvu ngati batire. Ndinagwada pansi pa sinki. Ndinatulutsa chiwaya chija, sitiliwaya wotsala, ndi sandipepa yemwe anali akadali ndi fumbi lakuda. Ndinatenganso tipoti. Zonse ndinaziika pa thaulo, pambali pa lupanga.

Katswiri anavalanso magalasi. Anatenga chiwaya ndi manja awiri, ndipo ndikulumbira kuti anatsala pang'ono kuchiweramira. Anachiunika ndi tochi, kuchipendeketsa ku windo, kenako anaunika msuka, n'kubwereranso ku chiwaya.

"Mikwingwirima ikuyenda mofanana," anatero. "Mozungulira, kuchokera kumanzere, mwamphamvu kwambiri pothera. Munthu wonjenjemera manja sangachite izi. Dzanja ndi limodzi." Anandiyang'ana koyamba chilowereni. "Apa ndikhoza kusaina."

Mayi uja anatulutsa dzanja m'chikwama lopanda kanthu. Anayang'ana bambo ake nthawi yaitali, kenako ine. Chifundo chija chinali chitachoka.

Anakanena kukampani tsiku lomwelo, ndipo sindimuimba mlandu. Lachisanu ndinaitanidwa ku ofesi. Bwana wamkazi anali ndi fomu yokhala ndi timabokosi: kuba, kuchedwa, nkhanza, kunyalanyaza wodwala. Anayendetsa cholembera pa timabokosi tonse osapeza poika. Pomaliza analemba m'munsi ndi dzanja kuti kuyeretsa mopitirira muyeso. Koma sanaseke. Anati katundu wa kasitomala wawonongeka, ndipo ndinabisa masiku atatu. Anandiimitsa ntchito kufikira atamva maganizo a banjalo. Za kalata ya pemiti anati tidzakambirana.

Ndinakhala masiku asanu ndi anayi ku Santry ndikuyang'ana ndege. Iliyonse inkaoneka ngati yathu. Akazi anga sananditukwane, chomwe chinali choopsa kuposa kutukwana. Tsiku lachisanu ndinawapeza atatsitsa sutikesi imodzi, akuti akungofuna kuipukuta fumbi. Mwana anandifunsa m'Chingerezi chake chifukwa chimene sindikupita kuntchito, ndinamuuza kuti ndinagwira ntchito yambiri nthawi imodzi.

Tsiku lakhumi foni inalira. Madala anali atabweza anthu atatu omwe kampani inawatumizira. Wachitatu sanamutsegulire n'komwe, anamulankhula kudzera pa kabowo ka makalata. Anauza mwana wawo, mwana wawo n'kuuza kampani, kuti amene anawononga ndiye akonze. Ndinasaina chenjezo lomaliza. Kalata ya pemiti inatuluka patatsala masiku anayi.

Nditabwerera ku Skerries ndinapeza thaulo lili pa tebulo, lupanga lili lovula. Katswiri anali atachotsa dzimbiri langa lofiira lija kuti lisapitirize kudya chitsulo. Ndinayamba kupepesa. Madala anakweza dzanja.

"Ndinamufunsa ngati pali mankhwala," anatero. "Akuti palibe. Kuda kuja kumabwera ndi mpweya, zaka, ndi manja a anthu ogwirapo. Kumunsi kokhako ndiko kumaloledwa dzanja lopanda golovesi. Khala apo. Gwira."

Ndinagwira. Chitsulo chinali chozizira.

"Mpaka liti, bambo?"

"Mpaka kude."

Masana aliwonse, asanakagone, ndimakhala pa tebulo lija nditagwira msuka mphindi khumi, iwo akumwa tiyi wa mu tipoti yomwe sindiloledwanso kuitsuka m'kati. Akadali m'nyumba mwawo. Patha zaka zitatu, ndipo mwezi wathawu tinauyang'ana ndi tochi, tonse awiri tinagwirizana kuti wayamba kuderako, ngakhale mwana wawo akuti ndi mthunzi wa mutu wanga. Madala akuti ndisadandaule za pemiti, ntchito ilipo ya zaka zina mazana awiri ndi makumi asanu ndi anayi kudza zisanu ndi ziwiri.

Sitiliwaya uja mwana wawo anamutsekera m'kabati yagalasi, pa shelefu ya pansi pa malupanga, ndipo kiyi amayenda nayo m'chikwama.